Kashiamu wa m'phewa ndi chithandizo cha singano: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene ajambulitsa phewa nkuuzidwa kuti muli kashiamu, kapena amva kuti kuli njira yomutsuka ndi singano osachita opareshoni. Tayambira osavuta kupita ku ozama. Zimene muwerenge pano zikuthandizeni kukafunsa bwino kuchipatala, koma wokugwirani phewalo ndi amene angadziwe chimene chikukuvutani inuyo.

Adokotala akuti ndili ndi kashiamu m'phewa, zikutanthauza chani?

Phewa limagwiridwa ndi minofu inayi imene imazungulira mutu wa fupa la mkono, achipatala amaitcha rotator cuff. Mnofu uliwonse umathera mu kachingwe kolimba koyera kamene kamakamatirira ku fupa, kaja kamavuta kutafuna mukamadya nyama ya ng'ombe kaja. Kachingwe kameneka ndiye tendon. Ndiye mwa anthu ena mkati mwa tendon muja mumayamba kuunjikana timibulu ta kashiamu, mtundu wake ndi hydroxyapatite, womwewo umene uli m'mafupa ndi m'mano. Papepala la kuchipatala amalemba kuti calcific tendinitis kapena calcific tendinopathy.

Nthawi zambiri, pafupifupi anthu 8 pa 10 alionse, kashiamuyo amakhala mu tendon ya pamwamba yotchedwa supraspinatus, imene imathandiza kukweza mkono cham'mbali. Nchifukwa chake kuvala malaya, kupesa, kuyanika zovala pachingwe kapena kumanga bra kumbuyo kumasanduka nkhondo. Kukula kwake kumasiyana, wina amakhala ngati kanjere ka mpunga, wina ngati nyemba kapena kuposa.

Kodi nchifukwa choti ndimamwa mkaka kwambiri, kapena madzi a pamjigo?

Ayi. Funso ili limabwera pafupifupi ndi aliyense ndipo ena amafika posiya usipa, matemba, chambiko ndi mkaka, kudzimana ulele. Kashiamu wa m'magazi mwa anthu amenewa amakhala wabwinobwino. Vuto limayambira mu tendon momwemo, maselo ena a pamalopo amasintha nkuyamba kuchita ngati a chicherewecherewe ndipo ndi amene amaika kashiamuyo. Madzi olemera a pamjigo amene amasiya zoyera mu ketulo alibe mlandu.

Amapezeka kwambiri mwa anthu a zaka 30 mpaka 60, amayi kuposa abambo, komanso mwa odwala shuga ndi amene ali ndi vuto la chithokomiro. Sikuti ndi matenda a ogwira ntchito zolemetsa okha. Mu 1941 dokotala wina wa ku America, Bosworth, anaunika mapewa a anthu 6,061 ogwira ntchito mu ofesi ndipo pafupifupi 3 pa 100 alionse anali ndi kashiamu, ambiri mwa iwo osamva kupweteka kulikonse. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Lakhala likungonyeng'enya miyezi, nanga bwanji usiku umodzi linangofika poti sindingagone?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kashiamuyu ali ndi moyo wakewake, amabadwa, amakhala, kenako thupi limamuchotsa. Dokotala Hans Uhthoff wa ku Ottawa ku Canada ndi amene anafotokoza bwino magawo amenewa. Pamene akupangika amakhala wouma, wolimba ngati choko, ndipo ululu umakhala wapang'ono kapena umangobwera mukakweza mkono. Amatha kukhala choncho miyezi ngakhale zaka. Kenako thupi limatumiza timitsempha ta magazi ndi maselo okamudya, kashiamu uja amafewa nkukhala ngati Colgate, amafufuma mkati mwa tendon imene ilibe malo otanukira, nthawi zina amaphulikira mu kathumba ka madzi kotchedwa bursa kamene kali pakati pa tendon ndi fupa la pamwamba. Ululu wake anthu amalira nawo misozi, munthu wamkulu ndithu, mkono ataukumbatira pachifuwa ngati khanda.

Chodabwitsa nchoti nthawi yowawitsitsayi ndi imene thupi likudzichiza lokha. Kawirikawiri moto umenewu umazilala pakatha sabata imodzi kapena zingapo ndipo mukadzajambulanso mupeza kashiamu wachepa kapena watheratu.

Amadziwa bwanji kuti ndi kashiamu osati china?

X-ray wamba imamuonetsa, amaoneka kachinthu koyera pamwamba pa mutu wa fupa. Akakhala woyera kwambiri wa m'mbali mooneka bwino ndiye wolimba uja, akakhala ngati kamtambo ndiye wofewa. Sikani ya ultrasound, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera koma ndi kamutu kena, imaonetsa pamene wakhala penipeni komanso ngati tendon yang'ambika. Sikani ina yotchedwa MRI nthawi zambiri sifunika, musawononge ndalama pokhapokha adokotala akukayikira zina.

Koma phewa limapweteka ndi zambiri. Likatupa, kutentha, kufiira, thupi nkutenthanso, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mwina muli mafinya. Phewa lopweteka pang'onopang'ono limodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku ayenera kuganizira TB ya m'mafupa. Ululu wa phewa lamanzere wobwera ndi kuthina pachifuwa ndi befu ndi nkhani ya mtima, osati yodikira mawa. Ndipo dzanzi lotsika mpaka ku zala nthawi zambiri limachokera m'khosi.

Ndiye njira ya singanoyo imayenda bwanji?

Dzina lake ndi barbotage, ena amati lavage, tanthauzo lake kutsuka. Inayamba kale, mu 1978 Comfort ndi Arafiles analemba za kuichita akuyang'ana pa makina a X-ray, ndipo mu 1995 Farin ndi anzake ku Finland anaonetsa kuti imatheka ndi ultrasound, imene ilibe cheza ndipo masiku ano ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito.

Mumakhala pampando kapena kugona chotsamira. Amatsuka khungu ndi mankhwala opha tizilombo, amaika kamutu ka sikani paphewa, kenako amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, lignocaine, pakhungu ndi mu bursa. Dzanzi likagwira amalowetsa singano yokulirapo, saizi 16 kapena 18, akuiona pa sikirini mpaka nsonga yake italowa pakati pa kashiamu. Ku singanoko kuli sirinji ya madzi a mchere, omwe aja a mu diripi. Ndiye amakankha pang'ono nkusiya, kukankha nkusiya, madzi amalowa nkubwerera okha mu sirinji atanyamula kashiamu, mumaona madzi oyera mbee aja akusanduka ngati mkaka, pansi pa sirinji nkudikha zoyera ngati ufa. Akada amasintha sirinji, mpaka madzi azibwerera oyera. Madokotala ena amabaya masingano awiri, ina yolowetsa madzi ina yotulutsa, ena amayamba afunditsa madziwo kuti kashiamu asungunuke msanga.

Kashiamu akakhala wolimba woti sakutuluka, amangomubayabaya kangapo kuti aphwanyike ndi kuti magazi afikepo, thupi limalize lokha. Pomaliza ambiri amasiya mankhwala a steroid mu bursa kuti zinyenyeswa zotsala zisayambitse kutupa. Zonse zimatenga mphindi 20 mpaka 30, amamata kapulasitala, mumapita kwanu. Palibe kugonekedwa, palibe kusoka.

Zimawawa?

Jakisoni woyamba wa dzanzi amaluma masekondi angapo. Pambuyo pake ambiri amangomva kukankha ndi kulemera mkati, ena amamva kupweteka ndithu pamene madzi akufufumitsa malowo, mukatero nenani awonjezere dzanzi, palibe mphotho ya kupirira. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chizungulire, ena mpaka kukomoka pang'ono, makamaka amene apita ndi njala kapena akuyang'anitsitsa singano. Idyani kaye musanapite, simukufunika kusala, ndipo ngati mumadziwa kuti singano imakugwetsani pemphani kuti akuchiteni mutagona.

Zikusiyana bwanji ndi jakisoni wa m'phewa amene anandibaya kale? Nanga mphini?

Jakisoni amene ambiri anabayidwapo ndi wa steroid yekha, monga triamcinolone kapena methylprednisolone, amaikidwa mu bursa kuti aphwetse kutupa. Sakhudza kashiamu. Barbotage imalowa mu kashiamu mwenimwenimo kenako steroid amabwera pamapeto. Palinso dry needling imene ena a fiziyo amachita ndi timasingano topyapyala m'minofu, imeneyo ndi nkhani ina, sichotsa kashiamu.

Za mphini tinene mosabisa. Kashiamu ali mkati, pansi pa khungu, mafuta ndi mnofu wonse wa phewa. Lezala silifikako, ndipo zimene amakuonetsani kuti zatuluka sizinachokere mu tendon. Chimene mungatengeko ndi bala lolowa tizilombo, ndipo khungu la paphewa likakhala ndi zilonda adokotala sangabayepo mpaka zitapola. Anthu ambiri amachitira umboni kuti anachira atatemera chifukwa amapita nthawi ya ululu woopsa ija, imene monga tafotokozera pamwambapa imatha yokha.

Zoona zake, njirayi imathandizadi?

Yankho lake si la mawu amodzi ndipo amene angakuuzeni kuti ndi 100 pa 100 akufuna ndalama zanu. Kwa zaka zambiri malipoti a zipatala amaonetsa kuti anthu ambiri otsukidwa amapeza bwino. Vuto ndi loti matendawa amathanso okha, ndiye munthu akachira sudziwa ngati yamuchiza ndi singano, steroid, mafizo kapena nthawi chabe.

Ku Leiden ku Netherlands, de Witte ndi anzake anagawa odwala 48 pawiri, ena barbotage ndi steroid, ena steroid yekha. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti patatha chaka otsukidwa aja anali bwino kuposa anzawo ndipo kashiamu wawo anachepa kwambiri. Koma atawayenderanso patatha zaka 5 magulu onse awiri anali atafanana.

Kenako mu 2023 magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa kafukufuku wamkulu wa Moosmayer ndi anzake, m'zipatala 6 za ku Norway ndi Sweden, odwala 220. Anawagawa patatu, gulu loyamba anatsukidwadi nkulandira steroid, lachiwiri anangonamizira kutsuka koma steroid analandira, lachitatu zonse zinali zonamizira, anangolandira dzanzi. Odwalawo samadziwa gulu lawo, ndipo onse anapatsidwa mafizo okachita kunyumba. Pa sabata 2 ndi 6 amene analandira steroid anali bwino kuposa enawo. Pofika miyezi 4 panalibe kusiyana pakati pa magulu atatuwo, pa miyezi 24 chimodzimodzi. Nkhaniyi inagwedeza madokotala ambiri amene ankaitenga barbotage ngati yosakayikitsa. Ena amatsutsa kuti odwala 143 anapatsidwa chithandizo china pambuyo pa miyezi 4 ndiye zotsatira za zaka ziwirizo zinasakanikirana, komanso kuti kashiamu wolimba ndi wofewa samvera singano mofanana. Mtsutso ukadalipo.

Ife tikuona chonchi, singano si bodza koma si chozizwitsa. Si chinthu chogulitsira mbuzi mwezi woyamba phewa litayamba kupweteka.

Ndiye woyenera kutsukidwa ndi ndani?

Munthu amene wavutika miyezi itatu kapena kuposa, wamwa mankhwala, wachita mafizo mokhulupirika, mwina wabayidwapo steroid, koma tulo sakupezabe ndipo ntchito yaima. Kashiamu wake akhale wokulirapo, kuyambira mamilimita 5 kupita m'mwamba, chifukwa kochepetsetsa singano ilibe pogwira. Akhalenso pamalo pogwirizana ndi pamene pakupweteka. Kumbukirani anthu a mu ofesi a Bosworth aja, kukhala ndi kashiamu pa X-ray sikutanthauza kuti ndi amene akukupwetekani, mwina vuto ndi frozen shoulder, phewa louma lija limene ngakhale wina akukwezereni mkono sulola, ndipo limeneli kutsuka sikungalimasule.

Ena amatsukidwa nthawi ya ululu woopsa ija kuti aphwetse msanga, popeza kashiamu wofewa amatuluka mosavuta. Zimamveka, koma pa nthawi imeneyi steroid yekha ndi mankhwala akumwa nthawi zambiri amakwanira kukuolotsani. Woti alibe ululu asabayidwe, ngakhale chithunzi chioneke choopsa bwanji.

Ndili ndi shuga, ndimamwa ma ARV, ndimamwa mankhwala osungunula magazi. Ndingapange?

Nthawi zambiri inde, koma nenani zonse musanagone pabedi paja, tengani ndi buku lanu la kuchipatala.

A shuga, steroid amakweza shuga kwa masiku angapo, nthawi zina kufika sabata. Muziyeza pafupipafupi masiku amenewo, ndipo ngati shuga wanu ndi wosalamulirika kale ndi bwino kumukonza kaye chifukwa amawonjezera mpata wa tizilombo.

A ma ARV, mvetserani apa chifukwa ambiri sauzidwa. Mankhwala amene ali ndi ritonavir, monga atazanavir/ritonavir kapena lopinavir/ritonavir amene amaperekedwa kwa ena osinthidwa mankhwala, amachedwetsa chiwindi kuchotsa steroid makamaka triamcinolone. Jakisoni mmodzi yekha amatha kukhala m'thupi miyezi nkuyambitsa Cushing's syndrome, nkhope kutupa, shuga ndi BP kukwera, thupi kufooka. Amene akumwa TLD, ya dolutegravir ija, vuto limeneli alibe. Musasiye ma ARV chifukwa cha phewa, ingotchulani dzina la mankhwala anu, adokotala asankha steroid wina kapena kutsuka popanda steroid. Komanso tenofovir ndi mankhwala ngati Brufen, diclofenac ndi Indocid onse amalemetsa impso, ndiye kumwa Indocid wogula pagolosale tsiku ndi tsiku kwa miyezi si nzeru.

A warfarin amayezedwa kaye INR, muyezo woonetsa mmene magazi akuundanira. Aspirin kawirikawiri sasiyitsa. Musasiye nokha mankhwala alionse a magazi musanauzidwe. Amayi oyembekezera nenaninso.

Ndikatuluka ndiyembekezere zotani?

Maola oyamba mumamva bwino kwambiri chifukwa cha dzanzi, musanamizike nkukanyamula thumba la chimanga. Dzanzi likatha phewa limawawa, mwina kuposa kale, kwa tsiku limodzi mpaka atatu. Panado, ndi Brufen kwa amene amaloledwa, komanso madzi oundana okulunga pansalu zimathandiza. Tsiku limenelo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, pitani ndi wina. Wa ntchito ya pa desiki amabwerera pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma wolima, womanga, wosenza madzi, wa kabaza, apumitse mkonowo ku zolemera sabata imodzi kapena ziwiri.

Kupumitsa si kuumangirira. Kuyambira tsiku lotsatira werameni mkono ulendewere nkumaugwedeza pang'onopang'ono ngati mukuvundula mphika waukulu, kenako kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, pambuyo pake wa fiziyo akupatseni zolimbitsa ndi lamba wotanuka. Phewa losungidwa mu sling masabata limauma.

Chinanso choti mudziwiretu, anthu angapo amakhala bwino mwezi umodzi kapena iwiri kenako cha m'mwezi wachitatu ululu umabwerako steroid atatha mphamvu. Sikuti zalephereka, nthawi zambiri ndi bursa yatupanso ndipo zimadzatsikanso.

Kuopsa kwake nkotani?

Nkochepa. Chizungulire ndi kuwawa kwa masiku oyamba tanena kale. Tizilombo kulowa sizichitikachitika, koma phewa likayamba kutentha, kutupa, kufiira ndi thupi kuphwanya patatha masiku awiri kapena atatu, bwererani msanga. Steroid akatsalira pafupi ndi khungu amatha kusiya kachigamba kotuwa kapena kadzenje, ndipo pakhungu lakuda kamaonekera kwambiri, kamatenga miyezi kuti kabwerere. Amayi ena msambo umasokonekera mwezi umenewo, ena nkhope imatentha tsiku limodzi. Kubaya steroid mobwerezabwereza pamalo amodzi kumafooketsa tendon, nchifukwa chake madokotala amatalikitsa majakisoni, musamayende chipatala ndi chipatala kukapempha wina osanena kuti munabayidwa mwezi watha.

Ndajambulitsanso, kashiamu akadalipo. Andibera?

Osati kwenikweni. Si kawirikawiri kuti atuluke yense tsiku lomwelo, wotsalayo thupi limamunyambita m'miyezi yotsatira. Funso lofunika ndi loti mukugona, mukuvala nokha, mukugwira ntchito? Ngati inde, chithunzicho chisiyeni. Ngati ayi ndipo kashiamu akadali wamkulu, ena amatsukanso kachiwiri pakatha masabata 6 kapena kuposa. Akatheratu sabwererabwerera pamalo omwewo, koma phewa linalo likhoza kudzayamba lake.

Singano ikakanika, kapena ndikaikana, chatsala nchani?

Pali shockwave, makina amene amaika paphewa nkumagunda ndi mafunde amphamvu, maulendo angapo. Sabaya, koma amawawa pochita, ndipo amphamvu kwambiri aja ndi amene aonetsa kuthandiza pa kashiamu. Pali steroid yekha ndi mafizo, imene malinga ndi kafukufuku wa ku Norway ndi Sweden uja si njira yachiwiri yonyozeka. Kumapeto kuli opareshoni ya kamera, arthroscopy, amaboola timabowo nkukakokolola kashiamu, nthawi zina nkusoka tendon pamene patsala dzenje. Imaganiziridwa pakatha miyezi 6 kapena kuposa zina zonse zitakanika, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi. Ndi ochepa amafika pamenepa.

Ndingayambire kuti?

Ku Malawi yambirani pachipatala cha boma chapafupi, pemphani kuonana ndi orthopaedic clinical officer, ndi amene amaona za mafupa m'zipatala za m'maboma ndipo angakulembereni X-ray ndi kukutumizani ku fiziyo. Madokotala akuluakulu a mafupa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre ndi LION pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Barbotage yeniyeni imafuna zinthu ziwiri pamodzi, makina a ultrasound okhala ndi kamutu koonera minofu ndi munthu wozolowera kuyendetsa singano akuyang'ana pa sikirini, kawirikawiri radiologist, dokotala wa za X-ray ndi masikani, kapena dokotala wa mafupa. Ndiye kulikonse kumene mwapita, kwaulere kapena kolipira, funsani mwachindunji kuti kodi muziona singanoyo pa sikani, ndipo mwachitapo kangati? Wobaya mongopapasa ndi chala akukupatsani jakisoni wamba, asakulipiritseni mtengo wa barbotage.

Amene muli ku UK njira ndi kudzera kwa GP kapena fiziyo wa pa surgery, akutumizeni ku MSK clinic, yoona za mafupa ndi minofu, ya NHS, mzere wake umatha kutalika ndiye mafizo yambiranitu. Ku Joni zimachitika kwambiri m'zipatala zolipira, a medical aid funsani kaye ngati alipira musanabuke tsiku. Kulikonseko nyamulani X-ray yakale, ngakhale yojambula pafoni, kuti adokotala ayerekeze ndi yatsopano aone ngati kashiamuyo akukula kapena wayamba kale kusungunuka.